Mayeso a Chingerezi si maula

Nyengo ya mayeso ikayandikira, nyali za m'makomo ambiri ku Nancholi mumzinda wa Blantyre zimazima mochedwa. Mayi amene watandala pamsika kugulitsa tomato amagona, koma mwana wake wa Fomu 4 amatsala ndi mabuku, magetsi akathima n'kuyatsa kandulo kapena tochi ya pafoni.

Phunziro limene limamusowetsa tulo kwambiri ndi Chingerezi. Malinga ndi malamulo a bungwe loyendetsa mayeso la Maneb, lomwe likulu lake lili ku Zomba, mwana wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza masamu, Chichewa ndi maphunziro ena onse. Pamayesowa 1 ndi 2 ndiko kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungodutsa, pomwe 9 ndi kulephera. Kupeza 9 pa Chingerezi ndiye kuti chaka chalowa m'madzi.

Chodabwitsa n'chakuti malikisi ambiri amatayika pamafunso amene ana amawayesa osavuta, aja osankha yankho pa A, B, C kapena D. Mwana amakumana nawo pamayeso a Sitandade 8, a JCE ku Fomu 2 mpakanso pa MSCE. Poona kuti yankho lalembedwa kale, ambiri amathamanga, ena amangolota ngati akuombeza maula.

Komatu amene adakonza funsolo amadziwa pamene ophunzira amapunthwa. Yankho lolondola ndi limodzi, atatu enawo ndi misampha yotchedwa mwaluso.

Mwachitsanzo, ndime yowerenga ingafotokoze za mayi wina amene adapeza mlatho utakokoloka ndi mvula, n'kuzungulira njira yaitali, ndipo pofika pamsika ogula adali atabalalika, choncho adagulitsa tomato wake motchipa. Funso n'kuti: N'chifukwa chiyani mayiyo adatsitsa mtengo?

Yankho A likuti tomatoyo adayamba kuwola. Mwana wokulira pamsika wa Nancholi akudziwa kuti zimenezi zimachitikadi, koma ndimeyo sidanene choncho. Uwu ndi msampha woyamba: chinthu choona m'moyo koma chosapezeka m'nkhaniyo.

Yankho B likuti kudagwa mvula yambiri. Mawu akuti mvula alimodi m'ndimemo ndipo diso limawazindikira msanga, koma akuyankha funso lina, la chimene chidagwetsa mlatho. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Yankho D likuti ogulitsa onse amatsitsa mitengo nthawi zonse. Yankho lokokomeza chonchi, lokhala ndi mawu ngati "all", "always" kapena "never", liyenera kukayikiridwa pokhapokha ndimeyo itanena zomwezo.

Latsala ndi C, loti adafika ogula atachoka. Kawirikawiri yankho lolondola limanena zomwe zili m'ndime koma m'mawu ena.

Choncho njira yabwino ndi yotere. Mwana ayambe wayang'ana mafunso kuti adziwe chimene akusaka, kenaka awerenge ndime yonse modekha. Pafunso lililonse abwerere m'ndimemo, aloze ndi chala chiganizo chimene chili ndi yankho. Asanayang'ane pa A mpaka D, ayankhe yekha mumtima, kenaka afunefune lofanana ndi lakelo.

Zikavuta, ayambe kuchotsa mayankho amene akuonekeratu kuti ngolakwa. Wongolota ali ndi mwayi wa 25 pa 100 alionse, koma wochotsa awiri wafika pa 50. Asasiye funso losayankha chifukwa malo opanda kanthu sabala malikisi.

Timawu ting'onoting'ono ngati "not" ndi "except" timatembenuza funso lonse, ndipo wothamanga satiwona. Funso likakhala la tanthauzo la liwu, mwana awerenge chiganizo chonse, poti liwu limodzi la Chingerezi limatha kukhala ndi matanthauzo angapo. Liwu loti "bank", mwachitsanzo, ndi kosungira ndalama komanso ndi gombe la mtsinje. Funso lokanika alidumphe kaye, alibwerere pamapeto.

Ena amaika mtima pa likasa. Koma amene adali Fomu 4 mu 2020 sadaiwale kuti mu Novembala chaka chimenecho boma lidathetsa mayeso a MSCE mapepala atabedwa, ndipo onse, osalakwa omwe, adalembanso mu Januwale 2021.

Makolo nawo ali ndi gawo, ngakhale amene sadapite patali ndi sukulu. Nyuzipepala yakale ya Chingerezi, ngakhale yokulungira usipa, ndi yokwanira. Mwana awerenge nkhani imodzi madzulo alionse, aifotokoze m'Chichewa, ndipo kholo limufunse kuti: wachita ndani, wachita chiyani, chifukwa chiyani, nanga zalembedwa pati? Funso lomalizali ndilo lofunika koposa chifukwa limamuzoloweretsa kufuna umboni m'nkhani. Mapepala a mayeso a m'mbuyomu awayese wotchi ili pambali.

Tsiku la mayeso mayi uja sadzalowa nawo m'kalasi. Chimene mwana adzatenge kunyumba ndi chizolowezi chowerenga mofatsa, pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha.