Mazira a Amayi ndi Tizilombo ta M'matumbo

Ana inu, dzira limene munachokerako linapangidwa amayi anu asanabadwe n'komwe. Linapangidwa iwo adakali m'mimba mwa agogo anu. Mwana wamkazi akakhala m'mimba miyezi isanu, amakhala kale ndi timatumba tiwiri tosunga mazira, kamodzi kumanja, kena kumanzere kwa chiberekero, ndipo muli timazira pakati pa 6 ndi 7 miliyoni. Tambiri timafota tokha mwanayo asanaone dzuwa, moti pobadwa amatsala ndi 1 kapena 2 miliyoni. Akamatha msinkhu, tatsala pafupifupi 300,000 mpaka 400,000. Pa tonseti, timene timakhwima n'kutuluka pa moyo wake wonse ndi 400 kapena 500 basi.

Timatumba timeneti tili ngati nkhokwe yodzazidwa kamodzi kokha, yopanda munda woti n'kukololanso. Mwezi ndi mwezi zam'kati zimacheperachepera, mpaka mayi amasiya kusamba. Kwa amayi ambiri izi zimachitika ali ndi zaka zapakati pa 45 ndi 55, ndipo si matenda ayi, ndi mmene thupi linapangidwira. Koma alipo ena amene timatumba tawo timaleka kugwira bwino ntchito asanakwanitse zaka 40, ena ali ndi zaka za m'ma 20, enanso adakali pasukulu. Madokotala amatcha vutoli premature ovarian insufficiency, mwachidule POI. Kwa nthawi yaitali mabuku akhala akunena kuti limagwira mayi mmodzi mwa amayi 100 aliwonse, ndipo kuwerengera kwaposachedwa kukusonyeza kuti ndi ochulukirapo.

Vutoli silikhudza kubereka kokha. Timatumba ta mazira timapanganso mahomoni, timadzi toyenda m'magazi n'kumauza ziwalo zochita. Wodziwika kwambiri ndi esitirojeni, amene amalimbitsa mafupa ndi kuteteza mtima ndi mitsempha ya magazi. Akachepa munthu adakali wamng'ono, mafupa amayamba kufooka, thupi limatentha mwadzidzidzi, usiku thukuta limangoti kamukamu, tulo n'kusowa. Pansi pa ubongo pali kachiwalo kakang'ono kamene kamatumiza homoni ina yotchedwa FSH kuti ikadzutse timatumbato. Tikapanda kuyankha, kachiwaloko kamangowonjezera FSH, ndipo dokotala akayeza magazi n'kuipeza yochuluka chonchi, amadziwa pamene pali vuto. Kawirikawiri amapereka mankhwala obwezera mahomoni osowawo mpaka munthu afike zaka za m'ma 50. Nthawi zinanso timatumbato timadzuka tokha kwa kanthawi, moti amayi 5 mpaka 10 mwa 100 aliwonse odwala POI amatenga pakati.

Nanga chimayambitsa n'chiyani? Zina madokotala amazidziwa. Pali atsikana obadwa ndi vuto lotchedwa Turner syndrome, limene dokotala wa ku America Henry Turner analifotokoza mu 1938. Pali mankhwala amphamvu ochiza khansa, amene popha maselo oipa amawononganso mazira. Pena chitetezo cha m'thupi chimasokonezeka n'kuyamba kumenyana ndi ziwalo za mwini wake. Fodya naye amafulumizitsa kutha kwa mazira. Koma mwa amayi ambiri, madokotala amayeza zonsezi osapeza kanthu. Kumidzi ndi m'matauni momwe, zikatere anthu sachedwa kutchula ufiti kapena kuloza chala mayiyo kuti analakwa penapake, zomwe n'kumulakwira chabe. Asayansi atasowa yankho m'timatumbamo, anayamba kuyang'ana mbali zina za thupi, makamaka mmene limagwiritsira ntchito chakudya.

Chakudya chikalowa m'thupi chimaphwanyidwa, kusandutsidwa mphamvu kapena zomangira thupi, zotsala n'kutayidwa. Ogwira ntchito imeneyi ndi tinthu totchedwa maenzaimu, ndipo iliyonse ili ndi gawo lakelake. Mu mkaka muli shuga amene akaphwanyidwa amatulutsa shuga wina wotchedwa galactose. Mwa anthu ambiri enzaimu ina imamusintha bwinobwino. Koma ana ena ochepa kwambiri amabadwa enzaimuyo isakugwira ntchito, matenda otchedwa galactosemia. Khanda lotere likayamwa, shugayu amaunjikana m'thupi n'kuwononga chiwindi ndi maso, choncho limasiyitsidwa mkaka msanga n'kupatsidwa chakudya chapadera. Chodabwitsa n'chakuti ngakhale atasamalidwa chotere, atsikana oposa 80 mwa 100 aliwonse obadwa ndi mtundu waukulu wa matendawa amadzakhala ndi POI. Enzaimu imodzi yokha yosamalira shuga ikalephera, mazira amavutika nawo. Musaope mkaka chifukwa cha nkhaniyi. Kwa mwana amene alibe galactosemia, mkaka ndi chakudya chabwino cha mafupa.

Tsopano tifike pa tizilombo. Mu 1683, wogulitsa nsalu wina wa mumzinda wa Delft ku Netherlands, dzina lake Antonie van Leeuwenhoek, anapala zoyera za m'mano mwake n'kuziyang'ana ndi kagalasi kokulitsa zinthu kamene anapanga yekha. Anaona tinthu tamoyo tikuyendayenda. Anali mabakiteriya. Mu 2016, asayansi Ron Sender, Shai Fuchs ndi Ron Milo anawerengera kuti munthu wamkulu amanyamula mabakiteriya pafupifupi 38 thiriliyoni, pamene maselo a thupi lake ndi pafupifupi 30 thiriliyoni. Mabakiteriya onsewa pamodzi amalemera magalamu 200 okha, ndipo ochuluka zedi amakhala m'matumbo aakulu. Ambiri sadwalitsa. Amadya zimene ife sitingathe kugaya, monga misere ya m'masamba, makoko a nyemba ndi gaga wa mu ufa wa mgaiwa, n'kutulutsa timadzi timene timadyetsa maselo a m'matumbo ndi kukhazika pansi chitetezo cha m'thupi kuti chisamalusire chilichonse.

Apa ndiye pamene nkhani ya m'matumbo imakumana ndi ya mazira, ndipo tsatirani bwino ulendo wake. Esitirojeni akatuluka m'timatumba ta mazira amazungulira m'magazi, kenako amafika ku chiwindi. Chiwindi chimamumata kachidutswa kena kochokera ku shuga, ndipo akamatidwa chotere sagwiranso ntchito, wangotsala kutayidwa. Wina amatuluka ndi mkodzo. Wina amathiridwa mu ndulu, madzi owawa aja amene ophika amasamala kuti asaphulike potumbula nkhuku, ndipo ndulu imatsikira m'matumbo. Akanati angodutsa, akanatuluka ndi chimbudzi. Koma m'matumbomo muli mabakiteriya okhala ndi enzaimu yodula kachidutswa kaja, chifukwa kwa iwo ndi chakudya. Akakadula, esitirojeni amamasuka, amalowanso m'magazi kudzera m'khoma la matumbo n'kuyambiranso ntchito. Ndiye kuti tinthu tosaoneka ndi maso, topanda ubongo, tili ndi mbali pa kuchuluka kwa homoni yotsala m'thupi la mayi.

Zimenezi zinaonekera bwino m'zaka za m'ma 1970 ku Finland, pamene ofufuza anapeza kuti amayi oyembekezera akamwa ampicillin, mankhwala opha mabakiteriya, esitirojeni wambiri ankatuluka ndi chimbudzi adakali chimatidwire. Odula kachidutswa aja anali atachepa. Mu 2011, Claudia Plottel ndi Martin Blaser a ku New York anapatsa dzina loti estrobolome ku mphamvu zonse zimene mabakiteriya a m'matumbo ali nazo zosinthira esitirojeni.

M'zaka zaposachedwapa, ofufuza, makamaka ku China, ayerekeza chimbudzi cha amayi odwala POI ndi cha amayi osadwala. Inde, asayansi amayezadi chimbudzi, chifukwa ndi njira yosavuta yodziwira okhala m'matumbo. Apeza kuti mitundu ina ya mabakiteriya ndi yochepa mwa odwalawo, ina ndi yochuluka.

Mwana wochenjera afunse apa: chinayamba n'chiti? Mwina mabakiteriya ndiwo anasintha kaye, timatumba ta mazira n'kuvutika pambuyo. Koma n'zothekanso kuti timatumbato ndito tinayamba kufooka, esitirojeni atachepa mabakiteriya n'kusintha, pakuti mahomoni nawo amakhudza tizilombo tokhala m'thupi. Kupeza zinthu ziwiri pamodzi sikutiuza chimene chinabweretsa chinzake. Ofufuza ambiri a nkhaniyi anayezanso amayi ochepa, ndipo anawayeza atadwala kale. N'chifukwa chake wina akakuuzani kuti thobwa, chambiko kapena mapilisi a mabakiteriya ogulitsidwa m'sitolo amabwezera mazira, musamukhulupirire. Nyemba, masamba ndi zipatso n'zabwino m'matumbo, koma palibe chakudya chimene chatsimikiziridwa kuti chimachiza POI. Mtsikana amene wafika zaka 15 osayamba kusamba, kapena amene anayamba koma wadumpha miyezi ingapo, auze amayi, azakhali kapena wamkulu amene amamukhulupirira, apite naye kuchipatala.

Pofuna kumasula funso la chimene chinayamba lija, asayansi amagwiritsa ntchito mbewa za mu labotale. Zina zimabadwira ndi kukulira m'mabokosi otsekedwa mwapadera, chakudya ndi mpweya wake zili zoyeretsedwa, moti m'matumbo mwake mulibe bakiteriya ngakhale mmodzi. Mbewa yotere akhoza kuipatsa mabakiteriya ochokera kwa nyama ina kapena kwa munthu, n'kudikira kuti aone ngati mahomoni ndi mazira ake asintha. Mbewa imathandiza chifukwa imakula msanga ndipo bere lake limatenga milungu itatu yokha. Koma imadya zosiyana ndi ife, mabakiteriya ake ndi ena, ndiponso mbewa ya mu labotale sisamba mwezi ndi mwezi monga munthu. Zimene zapezeka pa mbewa zimayenera kuyesedwanso pa anthu ambiri, owatsatira kwa zaka zambiri kuyambira asanadwale, madokotala asanazitenge ngati mankhwala.