Dzino Lasiya Kupweteka, Koma Ntchito Sinathe

Alamu athu anavutika ndi dzino masiku anayi asanavomere kupita kuchipatala. Linali dzino lotafunira la m'munsi, ndipo usiku linkawasowetsa tulo. Ananyamuka ali ndi maganizo oti akalizulitsa, poti ambirife timadziwa kuti dzino likabowoka mathero ake ndi amenewo. Koma dokotala wa mano ataliona ananena kuti likhoza kupulumuka. Anakokota mobowokamo, anaikamo mankhwala, n'kumatapo ndi kaphala koyera. Powatsanzika anati, "Bambo, chimene ndamatachi n'chongoyembekezera. Mubwerenso pakatha milungu iwiri."

Madzulo a tsikulo alamu anadya nsima bwinobwino. Milungu iwiri itakwana inali nyengo yokolola, ndalama ya minibasi inali itapita kwa aganyu, ndipo dzino linali zii. Kubwerera kukatani? Patatha miyezi 8, akukukuta chimanga chokazinga, dzino lija linasweka mpaka kumuzu. Ulendo wachiwiri unali wokazulitsa.

Sitikuwaseka alamu athuwa, pakuti m'mabanja mwathu ambiri muli munthu amene akuyenda ndi chomata cha milungu iwiri chaka chathunthu. Vuto ndi loti chomata chongoyembekezera chimagwira ntchito yake bwino kwambiri. Chimaletsa ululu, ndipo ululu ukatha timaganiza kuti matenda atha.

Nanga dokotala amalekeranji kumata kamodzi n'kamodzi? Ena amaganiza kuti ndi njira yotidyera ndalama kawiri, koma zifukwa zake n'zomveka. Pakati pa dzino pali kachipinda momwe muli mitsempha ya magazi ndi mitsempha yomvera ululu. Kuwola kukafika pafupi ndi kachipindako, dokotala sangadziwe tsiku lomwelo ngati mitsemphayo ichire kapena ife. Choncho amatsekapo kaye n'kudikira. Dzino likakhala bata, amadzamata zokhalitsa. Likayamba kufwanthula usiku, ndiye kuti pafunika chithandizo china, ndipo chomatacho sichivuta kuchotsa.

Chifukwa china ndi chithandizo chotsuka mizu ya dzino, chomwe chimachitika mitsempha ikafa kapena ikatupa kosatheka kuchira. Dokotala amachotsa mitsempha yowonongekayo, amatsuka tinjira ta m'mizu, n'kusiyamo mankhwala opha tizilombo kwa masiku angapo. Nthawi yonseyi pakhomo pa dzino payenera kutsekedwa kuti malovu asalowe, chifukwa m'malovu muli tizilombo tosawerengeka. Palinso nthawi imene nkhama zikutuluka magazi, kapena mano obowoka achuluka moti ayenera kutsekedwa onse mwachangu, kapena tikudikira kachipewa kovekera dzino kamene kakupangidwa kwina. Ndipo tisabise, nthawi zina chifukwa chake n'choti magetsi azima kapena zomatira zokhalitsa zatha.

Kaphala koyera kamene alamu anamatidwa nako kanali ndi fungo lamphamvu, lija timalimva tikangolowa m'chipinda cha dokotala wa mano. Ndi fungo la cloves, zokometsera zakudya zimene zimalimidwa kwambiri ku Zanzibar, Pemba ndi Madagascar. Mafuta a cloves ali ndi mankhwala otchedwa eugenol. Akasakanizidwa ndi ufa woyera wa zinc oxide amapanga phala lomwe limauma ngati simenti. Madokotala akhala akugwiritsa ntchito msakanizo umenewu kuyambira zaka za m'ma 1800, ndipo sanautaye chifukwa eugenol amaziziritsa mitsempha ya dzino komanso amafooketsa tizilombo. Kuipa kwake n'koti ndi wofewa, ndipo malovu amausungunula pang'onopang'ono. Mtundu wina wolimbitsidwa, wotchedwa IRM, umapirira kutafuna, koma ngakhale opanga ake amati ndi wosapitirira chaka chimodzi. Eugenol alinso ndi khalidwe lina: amasokoneza kuuma kwa chomata chokhalitsa chofanana ndi mtundu wa dzino, chija amachiumitsa ndi kuwala kwa buluu. N'chifukwa chake ndi bwino kuuza dokotala watsopano zimene munamatidwa nazo kwina, ngati mukuzidziwa.

Mtundu wachiwiri umabwera wosakaniza kale m'kabotolo, ndipo wodziwika kwambiri ndi Cavit. Umenewu umauma ukakhudzana ndi chinyezi cha m'kamwa, ndipo pouma umafufuma pang'ono n'kutseka timipata tonse. Umakondedwa potsuka mizu. Koma kuti utseke bwino uyenera kukhala wochindikala mamilimita atatu ndi theka kapena kuposerapo, ndipo kutafuna kulikonse kumaupala. Moyo wake ndi wa masiku kapena milungu yochepa.

Wachitatu, glass ionomer, ndi umene ukutikhudza kwambiri kuno kwathu. Anaupanga Alan Wilson ndi Brian Kent ku London, ndipo unadziwika kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970. Umagwirana ndi dzino pawokha popanda guluu, komanso umatulutsa fluoride pang'onopang'ono, yemwe amalimbitsa dzino pozungulira chomatacho. Pakati pa zaka za m'ma 1980, dokotala wa ku Netherlands, Jo Frencken, akugwira ntchito ku Tanzania, anayamba njira yokokota dzino ndi tizipangizo ta m'manja n'kumata popanda makina obowolera kapena magetsi. Njirayi, yomwe masiku ano imadalira glass ionomer, inayesedwanso pa ana asukulu ku Zimbabwe m'zaka za m'ma 1990. Mu 2021 bungwe la WHO linaika glass ionomer pa mndandanda wa mankhwala ofunika kupezeka m'dziko lililonse. Pabowo laling'ono, makamaka pa mano a ana, umatha kukhala zaka. Pabowo lalikulu la dzino lotafunira umangokhala woyembekezera basi. Apa mpofunika kufunsa musanatsike pampando: "Adokotala, chimenechi n'chokhalitsa kapena ndidzabwerenso? Liti?" Yankho lake mukalilembe pakalendala ya kunyumba, ndipo ndalama ya ulendowo muipatule tsiku lomwelo.

Chimachitika n'chiyani tikapanda kubwerera? Chomata sichichoka tsiku limodzi ayi. Chimaperepeseka m'mphepete, n'kusiya kampata kosaoneka ndi maso, ndipo malovu ndi shuga zimalowa pansi pake pomwe mswachi sufika. Kuwola kumapitirira mobisika. Ngati dzinolo linachotsedwa mitsempha, silingatichenjeze n'komwe, poti chomvera ululu mulibe. Tizilombo timatsika m'mizu mpaka kufupa la nsagwada, ndipo chizindikiro choyamba chimakhala kachithupsa ka mafinya pankhama kapena tsaya lotupa. Komanso dzino lokokotedwa limakhala ngati chikwatu cha nsungwi, makoma okhaokha opyapyala. Zomata zongoyembekezera sizigwira makoma amenewa, ndiye tsiku lina kamwala ka m'mpunga kamangomaliza ntchito.

M'masiku odikirawa kusamala kwake si kovuta. Musadye kanthu kwa ola limodzi kapena awiri mutangomatidwa, kapena monga dokotala wanenera. Tafunirani mbali inayo. Nzimbe, mtedza wokazinga, chimanga chokazinga, chingamu ndi maswiti onanda zidikire kaye. Musaleke kutsuka dzinolo poopa kuti chomata chichoka. Litsukeni mofatsa kawiri patsiku ndi mankhwala okhala ndi fluoride. Ogwiritsa ntchito ulusi wotsukira pakati pa mano aziusolola cham'mbali, osaukokera m'mwamba. Kutokosola ndi kamtengo ka machesi ndiye ayi ndithu. Mukamva kuti dzinolo likuyamba kugunda anzake asanakumane, chomata chatalika. Bwererani akachipale, ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Chikachoka tsiku lisanakwane, chukuchani m'kamwa ndi madzi ofunda a mchere pang'ono ndipo pitani kuchipatala mwamsanga, ngakhale palibe ululu. Tamvapo za anthu oika m'bulu wa asipilini pabowo, ena fodya, ena mpaka petulo kapena madzi a batire. Asipilini amawotcha nkhama n'kusiya chilonda choyera, ndipo zinazo ndi poizoni. Ngakhale mafuta a cloves, omwe timawakonda poti ndi achilengedwe, amawotcha nkhama akakhala osasungunula, ndipo ndi oopsa kwa mwana wamng'ono akawameza. Tsaya likatupa, thupi likatentha, kapena munthu akamavutika kumeza, kuyasamula kapena kupuma, si zodikira kuti kuche. Mafinya a dzino amatha kufalikira kukhosi n'kutseka njira ya mpweya.

Tikudziwa kuti kubwerera si nkhani yapafupi. Madokotala a mano m'Malawi ndi ochepa kwambiri, moti maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anayamba m'dziko muno mu 2019, ku sukulu yomwe pano ndi Kamuzu University of Health Sciences. Ntchito yaikulu m'zipatala za m'maboma imagwiridwa ndi othandiza za mano ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences, ndipo mizere yake ndi yaitali. Ngati mukuona kuti ulendo wachiwiri udzakuvutani, nenani poyera pa ulendo woyamba. Dokotala akadziwa kuti mumakhala kutali, kapena kuti ndalama mudzaipeza mukagulitsa soya, angasankhe chomata cholimba m'malo mwa cha milungu iwiri, kapena kukupatsani tsiku loti mungalikwanitse.

Alamu athu pano amatafunira mbali imodzi. Dzino la pamwamba pa gwerulo layamba kutsika posowa lokumana nalo, ndipo dokotala wawauza kuti nalonso lifunika kuliyang'anira.