Kukonza Ulendo wa Pagalimoto M'mbali mwa Nyanja ya Malawi

Mawu Oyamba

Malume anga ndi makaniko, ndipo ali m'gulu la anthu amene galimoto saiona ngati chonyamulira katundu chabe. Iwo ndi anzawo amatha kuima mozungulira injini kwa ola lathunthu, kuimvetsera mmene ikulirira, n'kumakangana za chimene chikuivuta. M'chaka cha 2023 ananditengako pa ulendo wa galimoto zitatu kuchokera ku Lilongwe mpaka ku Karonga kudzera m'mbali mwa nyanja. Ntchito yanga inali yolemba makilomita, nthawi ndi ndalama za mafuta. Tinabwerako bwino, koma tinalakwitsa zinthu zingapo, ndipo chimodzi mwa izo chikanatitayitsa miyoyo. M'nkhani ino ndifotokoza mmene ulendo wotere uyenera kukonzedwera, poona njira, nyengo, galimoto, mafuta, kayendetsedwe ndi anthu okhala m'mbali mwa msewu.

Kudziwa njira

Chinthu choyamba ndi kudziwa kuti msewu wa M5, umene ambiri amautcha msewu wa kunyanja, suyenda pagombe nthawi zonse. Munthu wochokera ku Lilongwe amatsika ndi msewu wa M14 pafupifupi makilomita 100 kufika ku Salima. Pamenepo nyanja saiona, pokhapokha atapatuka makilomita ena ngati 20 kupita ku Senga Bay. Kuchoka ku Salima kukafika ku Nkhotakota ndi makilomita pafupifupi 110, ndipo mbali yaikulu ya mtunda umenewu imadutsa m'minda ndi m'midzi. Madzi amaonekera bwino pa mlatho wa Chia, pamene dziwe lalikulu la Chia limalumikizana ndi nyanja. Nyanja imayamba kuyenda limodzi ndi msewu munthu akadutsa minda ya nzimbe ya ku Dwangwa, kulowera ku Kande ndi ku Chintheche. Kuchokera ku Nkhotakota mpaka ku Nkhata Bay ndi makilomita osachepera 180.

Kumpoto kwa Nkhata Bay mapiri amatsetsereka mpaka kulowa m'madzi, moti kulibe msewu wotsata gombe. Midzi ngati Usisya ndi Ruarwe imadalira kwambiri maboti ndi sitima ya Ilala, imene inayamba kuyenda panyanjayi mu 1951. N'chifukwa chake woyendetsa galimoto amakwera makilomita ngati 50 kupita ku Mzuzu, n'kulowa msewu wa M1, kudutsa Ekwendeni ndi Phwezi, kenaka n'kutsika phiri la Chiweta. Apa ndi pamene nyanja imatulukira mwadzidzidzi pansi pa msewu, ndipo kuchokera ku Chiweta mpaka ku Chilumba msewu ndi madzi sizitalikirana. Kuchoka ku Mzuzu kufika ku Karonga ndi makilomita pafupifupi 220.

Tikaphatikiza mitunda yonseyi ndi timaulendo topatuka, tipeza makilomita oposa 700. Munthu wothamangira maliro kapena ntchito angathe kuyenda mtunda umenewu tsiku limodzi, koma wofuna kuona dziko agawe ulendowu masiku anayi. Tsiku loyamba akagone ku Nkhotakota, lachiwiri ku Chintheche kapena ku Nkhata Bay, lachitatu ku Chitimba, ndipo lachinayi akafike ku Karonga. Pogawa motere, palibe tsiku limene galimoto imayenda mdima utagwa.

Malo oimapo

Ulendo wa okonda galimoto umakoma pamene malo oimapo asankhidwiratu. Ku Nkhotakota kuli mtengo umene anthu amati David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe mu 1863 pa nkhani ya malonda a akapolo. Kufupi ndi tauniyo kuli nkhalango ya nyama ya Nkhotakota, imene bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 kunasamutsidwira njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Ku Bandawe, pafupi ndi Chintheche, ndi kumene mishoni ya Livingstonia inasamukira mu 1881 itachoka ku Cape Maclear, isanakwere ku Khondowe mu 1894. Poyandikira Nkhata Bay msewu umalowa m'nkhalango ya mitengo ya rabala ya Vizara, kumene achinyamata amagulitsa mipira yopota ndi rabala. Ku Karonga kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale, imene inatsegulidwa mu 2004, ndipo muli mafupa a chinyama chakalekale chotchedwa Malawisaurus.

Msewu umene okonda galimoto amausimba kwambiri ndi wa Gorode, wochokera ku Chitimba kukwera ku Livingstonia. Ndi makilomita ngati 15 okha, koma uli ndi makona 20 okhota mobwerera mmbuyo, ndipo ndi wamiyala ndi wopapatiza. Pamwamba pake pali mathithi a Manchewe ndi nyumba yamiyala imene Robert Laws ankakhala. Msewu umenewu umafuna galimoto yokwera mimba yokoka ndi matayala onse anayi. Ife tinasiya galimoto ziwiri zazifupi ku Chitimba n'kupanikizana m'galimoto imodzi, ndipo palibe amene anadandaula titaona miyala ya m'njiramo.

Kusankha nyengo

Chachiwiri ndi nyengo. Mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndipo mitsinje yonse yochokera kumapiri, monga Bua, Dwangwa ndi Luweya, imadutsa pansi pa msewu wa M5 popita kunyanja. Madzi akachuluka, milatho ndi makalavati ndi zimene zimayamba kugonja. Mu Febuluwale 2024 madzi osefukira m'boma la Nkhotakota anadula msewuwu chakufupi ndi Dwangwa. Choncho nthawi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. M'miyezi imeneyi kunja kumazizira, injini sivutika ndi kutentha, ndipo mphepo ya mwera imautsa mafunde ooneka bwino kuchokera pamsewu. Mu Okutobala ndi Novembala kunyanja kumatentha kwambiri, komanso utsi wa moto wolusa umaphimba mapiri.

Sabata imodzi ulendo usanayambe, ndi bwino kufunsa madalaivala a minibasi ndi mabasi oyenda njira imeneyi za pamene msewu wakumbika kapena pamene akukonza. Iwo amadziwa zimene mapu a pafoni sadziwa. Paja safunsa anadya phula.

Kukonza galimoto

Chachitatu ndi galimoto yeniyeniyo. Malume amati galimoto imakonzedwa pakhomo, m'njira imangopepesedwa. Zofunika kuona ndi mabuleki ndi mafuta ake, matayala onse pamodzi ndi la sipeya, madzi a mu rediyeta, mapaipi a madzi, lamba wa fani, batire, oyilo ndi magetsi. Chifukwa chake n'chakuti njirayi imayesa galimoto m'njira ziwiri. Kunyanja kumatentha ndipo msewu m'malo ena uli ndi maenje komanso m'mphepete modyeka, zimene zimawononga matayala. Pokwera ku Mzuzu, kumene ndi kokwera mamita oposa 700 kuposa pagombe, injini imagwira ntchito yolemetsa ndipo rediyeta yotsekeka imawira.

M'galimoto iliyonse mukhale jeke, sipanala ya matayala, pampu, chingwe chokokera, tochi, chigubu cha madzi ndi bokosi la mankhwala a chithandizo choyamba. Pa marodibuloko apolisi amafunsa laisensi, inshulansi ndi chiphaso cha COF, ndipo angafunenso kuona matirayango ndi chozimitsira moto. Mapepala onsewa aonedwe masiku ake ulendo usanayambe.

Mafuta ndi ndalama

Chachinayi ndi mafuta. Kawerengedwe kake n'kosavuta. Ngati galimoto imayenda makilomita 10 pa lita imodzi, makilomita 700 afuna malita 70 popita pokha, ndipo ndi nzeru kuonjezerapo malita ena 15 chifukwa cha zitunda ndi kupatuka. Malo omwetsera mafuta amapezeka m'matauni monga Salima, Nkhotakota, Dwangwa, Nkhata Bay, Mzuzu ndi Karonga, koma kupezeka kwa pampu sikutanthauza kupezeka kwa mafuta. M'zaka za 2022, 2023 ndi 2024 dziko lino linaona mizere italiitali ya galimoto zodikira petulo ndi dizilo. Lamulo limene tinatsata linali lakuti thanki ikafika theka, timwetse pamalo oyamba amene tapeza mafuta. Ndalama zigawidwe patatu: za mafuta, za chakudya ndi malo ogona, ndi zapadera zosakhudza pokhapokha galimoto itawonongeka.

Kayendetsedwe

Apa ndi pamene tinalakwitsa. Potsika Chiweta, mnzawo wa malume amene ndinakwera naye anasiya galimoto m'giya yaikulu n'kumangoponda buleki njira yonse. Tisanafike pansi tinamva fungo la chinthu chopsa, ndipo buleki inayamba kulowa pansi ngati akuponda siponji. Mwamwayi panali malo otakasuka, ndipo anatsitsa magiya n'kuimika galimoto pang'onopang'ono ndi handibuleki. Kutsogolo kwathu kunali lole yodzaza malasha.

Malume anatifotokozera chimene chinachitika. Buleki imaimitsa galimoto posandutsa liwiro kukhala kutentha. Ikapondedwa kosalekeza pa mtsetse wautali, mapadi amatentha mpaka kulephera kugwira, ndipo mafuta a buleki, makamaka akale amene amwa chinyezi, amawira n'kupanga mpweya m'mapaipi. Mpweya umafinyika, n'chifukwa chake phazi limangolowa pansi. Njira yopewera ndi kutsika ndi giya yaing'ono, yomweyo imene munthu angakwerere phirilo, kuti injini igwire galimoto, buleki n'kumangoithandiza mwa apo ndi apo. Tinakhala pamenepo ola lathunthu kudikira kuti zitsulo zizizire, aliyense ali chete.

Galimoto zikamayenda pagulu pamafunikanso mgwirizano. Patsogolo pakhale wodziwa njira, ndipo pambuyo pakhale makaniko ndi zida. Pasakhale kupikisana kapena kupitirirana, ndipo malo okumanirana adziwike kwa onse chifukwa netiweki ya foni imasowa m'malo ena. Pa milatho yopapatiza, yokwana galimoto imodzi, wofika pambuyo adikire.

Eni msewu

Chomaliza, ndipo kwa ine chachikulu, ndi anthu. Msewu umene mlendo amauona ngati malo osangalalira, kwa anthu a m'mbali mwake ndi njira ya kusukulu, ya kuchigayo ndi ya kudoko. Pamsewu pamayenda akabaza, ana, mbuzi ndi ngolo, ndipo m'mphepete mwake amayanikamo chinangwa ndi mpunga. Wokonda galimoto amene akufuna kumva mphamvu ya injini yake pa Dwangwa kapena pa Uliwa akuseweretsa miyoyo ya ena. Kuthamanga sikufika.

Chinanso chimene ndinaona n'chakuti pa makilomita 700 amenewa chiyankhulo chimasintha kangapo. Ku Salima ndi ku Nkhotakota Chichewa chimamveka paliponse, ndipo ku Salima Chiyao chimamvekanso. Ku Nkhata Bay moni wa Chitonga ndi "Mwe uli?", ku Rumphi wa Chitumbuka ndi "Muli uli?", pamene ku Karonga Angonde amati "Mwaghona". Chichewa chidzakuthandizani pafupifupi kulikonse, koma moni wa m'chiyankhulo cha eni dera umasintha nkhope ya munthu amene mukumufunsa njira. Pofuna kusamba m'nyanja afunseninso anthu omwewo, chifukwa m'mabango ndi m'mathiriro a mitsinje mumakhala ng'ona, ndipo m'madzi odekha muli nkhono zofalitsa likodzo. Usiku gonani m'neti, pakuti kunyanja malungo ndi ochuluka. Musajambule munthu osapempha, ndipo zinyalala mubwerere nazo. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata.

Mawu Omaliza

M'nkhani ino ndaonetsa kuti ulendo wa m'mbali mwa nyanja umafuna kudziwa njira, kusankha miyezi yopanda mvula, kukonzeratu galimoto, kuwerengera mafuta, kutsika mapiri ndi giya yoyenera ndi kulemekeza anthu okhala m'mbali mwa msewu. Tsiku lachinayi tinafika ku Karonga dzuwa lisanalowe, tinadya mpunga wa kilombero ndi nsomba, ndipo m'mawa mwake, tisanayambe ulendo wobwerera, malume anasintha mafuta a buleki m'galimoto zonse zitatu.