Kodi Madzi a ku Mbenji Amachitira Umboni Kuti Dziko N'lobulungira?

Funso: Munthu akaima pagombe la Chikombe, kwa Mfumu Makanjira m'boma la Salima, amaona chilumba cha Mbenji, ndipo kukayera bwino amaonanso mapiri a ku Niassa kutsidya la nyanja. Ngati dziko lapansi lili lobulungira, bwanji zimenezi sizibisika?

Yankho: Kufunsa n'kwabwino, pakuti safunsa anadya phula; koma wofunsayo ayambe wasiyanitsa chimene waona ndi chimene sanaone. Nsonga za mapiri waziona ndithu. Nanga mchenga wa gombe la kutsidyalo, ndi mabwato okocheza pamenepo, ndi nyumba za m'mphepete mwa madzi, waziona kodi? Sanazione, ndipo sadzaziona ngakhale atabwereka magalasi oonera kutali amphamvu chotani, chifukwa chimene chazibisa si kufooka kwa maso ake, koma madzi enieniwo amene atumphuka pakati pa iye ndi tsidyalo.

Owerenga masamu amati munthu amene maso ake ali mamita 2 pamwamba pa madzi amaona nkhope ya nyanja kufikira makilomita 5 okha, ndipo kupitirira pamenepo zinthu zimayamba kumira kuyambira kumapazi: chinthu chokhala pa makilomita 15 chimabisika mamita ngati 8, ndipo cha pa makilomita 50 chimabisika mamita ngati 160. Tsono popeza nyanja yathuyi ili pa mamita ngati 474 pamwamba pa nyanja ya mchere, pamene mzinda wa Lichinga, umene uli kuseri kwa mapiriwo, uli pa mamita oposa 1,300, n'chodziwikiratu kuti madzi angabise tsinde lokha la mapiri otere, osati mitu yake.

Funso: Nanga bwanji nyanja imaoneka yathyathyathya?

Yankho: Chifukwa dziko n'lalikulu, makilomita ngati 40,000 kulizungulira, ndipo ife tili ngati nyerere pa dzungu, imene imayesa kuti ikuyenda pabwalo losalala.

Funso: Kodi munthu wosaphunzira masamu angadziyesere yekha?

Yankho: Angathe, ndipo ndiyesa kuti asodzi a utaka, amene amaloledwa kupita ku Mbenji nyengo yotseka chilumba ikatha, amaziona zimenezi kuposa ife a m'mabuku. Usiku wopanda mwera, pamene nyali za asodzi zayala panyanja, munthu aime pamchenga nasankhe nyali imodzi yakutali imene yatsala pang'ono kukhudza madzi. Kenaka agwade mpaka maso ake ayandikire madziwo, ndipo nyaliyo idzazimirira. Akaimiriranso, kapena akakwera pathanthwe, idzabweranso, pamodzi ndi zina zimene poyamba sanazione konse. Dziko likadakhala lathyathyathya, kugwada kapena kuimirira sikukadazimitsa nyali ya munthu wina. Chimodzimodzinso sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanjayi chiyambire 1951: ikamabwera, chimayamba kuoneka ndi chapamwamba chake, thupi lake n'kutsatira pambuyo.

Funso: Komatu masiku ena zinthu zimene masamu akuti zibisike zimaoneka, ndipo nthawi zina chilumba chimakhala ngati chalenjekeka m'malere. Kodi pamenepo masamu sananame?

Yankho: Sananame, koma pali china chimene sitinachiwerenge, ndicho mpweya. Kuwala kukamadutsa mpweya wosiyana kutentha kumakhota. Madzi akazizira kuposa mpweya wa pamwamba pake, kuwala kumakhotera pansi kutsata msana wa dziko, ndipo zobisika zimatukuka n'kuoneka. Koma m'mamawa a mwezi wa Juni, pamene madzi ali ofunda ndi mpweya uli wozizira, kumakhotera kumwamba, ndipo tsinde la chilumba limaoneka ngati ladulidwa. Kukhotera pansi kwa kuwala kuja kunasokeretsa Samuel Rowbotham ku England mu 1838, amene, ataika diso lake pafupi ndi madzi a ngalande ya Old Bedford, anaona bwato pa mtunda wa mailosi 6 nalengeza kuti dziko n'lathyathyathya. Koma mu 1870 Alfred Russel Wallace, podziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, anakweza zizindikiro zake mamita ngati 4 pamwamba pa madzi omwewo, kutali ndi mpweya wonyengawo, ndipo chizindikiro chapakati chinaoneka chokwera kuposa za kunsonga ziwirizo, monga momwe ziyenera kukhalira pa dziko lobulungira.