CIPALE COYAMBA CINAPHA KATSWIRI KU UTAH

PAMENE alimi a kuno ku Zambia ali kalikiliki kubzala cimanga ndi mvula yoyamba m'mwezi wa November, kumaiko a kumpoto monga Amereka, Canada ndi Switzerland nyengo yacisanu imakhala ikuyamba kumene. M'mapiri a kumeneko mumagwa cipale cofewa, coyera ngati ufa, cimene cimaunjikana mpaka kukwirira miyala ndi zitsamba.

Anthu a m'maikowo amakonda kwambiri masewera otsetsereka pa cipaleci. Amamanga timatabwa tiwiri titalititali kumapazi, tochedwa ski, kapena thabwa limodzi lalikulupo, natsika phiri ndi liwiro lalikulu. Akadikira miyezi yonse ya cilimwe, ambiri sapirira akangoona kuti nsonga za mapiri zayera. Koma cipale coyambaco ndico cimene cimachera msampha woopsa.

IMFA YA JAMIE PIERRE

Pa 13 November, 2011, dziko la Amereka linamva za imfa ya mmodzi wa akatswiri ake. Dzina lake linali Jamie Pierre, wa zaka 38. Iye anachuka m'caka ca 2006 pamene anadumpha pa thanthwe lalitali mamita 78 ku Grand Targhee, m'boma la Wyoming, natera m'cipale cakuya, nadzuka wamoyo.

Tsiku la imfa yake, Pierre anakwera mapiri a ku Snowbird, pafupi ndi mzinda wa Salt Lake City m'boma la Utah, ali ndi mnzake mmodzi. Snowbird ndi malo ochuka a masewerawa, koma panthawiyo anali asanatsegulidwe. Atangoyamba kutsika m'cigwa ca Gad Valley, cipale cinang'ambika pansi pa mapazi ake, cigawo conse cinagumuka, nicimukokolola mamita oposa 200 pamwamba pa miyala ndi matanthwe. Mnzake anapulumuka, koma Pierre anafa ndi mabala. Anasiya mkazi ndi ana awiri.

CIFUKWA CAKE CIPALE CIMAGUMUKA

Cipale ca m'phiri sicikhala cinthu cimodzi ai. Cimagwa nthawi zosiyanasiyana ndipo cimasanjikizana. Cimene cagwa mu October cimakhala cocepa, ndiye mphepo yozizira ya usiku ikaomba pamwamba pake, pamene nthaka pansi ikali yofundirapo, timibulu take timasintha nitikhala toyoyoka ngati shuga. Timibulu totere sitigwirana konse.

Pambuyo pake mkuntho ukabwera, cipale catsopano cimagwa cambiri, ndipo mphepo imacitsendereza kukhala cimphanthi colimba ndi colemera. Cimphanthico cimakhala pamwamba pa shuga uja, monga momwe citseko cingakhalire pamwamba pa nyemba zouma zomwazika pamalo otsetsereka. Kulemera kwa munthu mmodzi n'kokwanira kuswa shugayo, ndipo mng'alu umathamanga kudutsa mbali yonse ya phiri m'kamphindi kocepa. Izi ndizo zinacitika ku Utah caka cimeneco.

Akatswiri anapeza kuti cipale cimagumuka kawirikawiri pamalo opendekeka madigiri 30 mpaka 45, ndiko kunena kuti kupendekeka konga kwa denga la nyumba ya udzu. Malo omwewo ndi amenenso osewera amawakonda koposa. Cipale cogumuka cingathe kuthamanga makilomita 130 pa ola, liwiro loposa la basi pa mseu wa tala. Ndiponso pa ngozi 10 zilizonse zotere, pafupifupi 9 zimayambitsidwa ndi munthu wovulalayo kapena mnzake wa paulendo.

Kumayambiriro kwa nyengo kuli vuto linanso. Popeza cipale cimakhala cisanazame, miyala ndi zitsa zimakhala pafupi. Munthu wokokoloka amamenyetsedwa m'zimenezi, kotero kuti angathe kufa ngakhale asanakwiririke.

MALO OSAMALIDWA NDI MALO A KUCHIRE

Malo a masewera akatsegulidwa amakhala ndi alonda ophunzitsidwa bwino. M'mamawa alendo asanafike, alondawo amaponya mabomba ang'onoang'ono pamalo okayikitsa kuti cipale cofooka cigumukiretu kulibe munthu. Nchito imeneyi ku Amereka inakula ku Alta, malo oyandikana ndi Snowbird, kumene Monty Atwater, msilikali wopuma pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, anayamba kuombera mapiri ndi mizinga cakumapeto kwa zaka za m'ma 1940.

Koma malowo asanatsegulidwe, nchito yotereyi siicitika. Phiri lomwelo limene munthu anatsikapo mosangalala caka catha limakhala ngati la kuchire, lopanda mlonda ndi lopanda wopulumutsa ali pafupi. Ambiri amanyengeka ndi kuzolowera. Amaona zikwangwani ndi njira zimene amazidziwa, nayesa kuti ali potetezeka.

MACENJEZO A TSIKU NDI TSIKU

Maiko a mapiri ali ndi maofesi amene nchito yao ndi kupima cipale ndi kucenjeza anthu. Ku Switzerland kuli likulu la kafukufuku wa cipale ku Davos, ndipo ku Utah kuli Utah Avalanche Center. M'caka ca 1993 maiko a ku Ulaya anagwirizana za muyeso umodzi wa masitepe asanu, kuyambira 1, pamene ngozi ili yocepa, kufikira 5, pamene ili yoopsa kotheratu. Ku Amereka nakonso muyeso ndi wa masitepe asanu.

Codabwitsa n'cakuti anthu ambiri safa pa sitepe 5 ai, koma pa sitepe 3. Pa 4 ndi 5 aliyense amaona yekha kuti kunja kwaipa, ndipo ambiri amakhala m'nyumba. Pa sitepe 3 dzuwa limatha kuwala bwino, phiri nilioneka lodekha, pamene shuga uja ali phee pansi.

MPHINDI 15 ZA MOYO

Cipale cogumuka cikaima cimauma gwa ngati simenti. Wokwiririka sangathe kusuntha ngakhale dzanja, ndipo mpweya umamuthera msanga. Kafukufuku wa ku Switzerland anasonyeza kuti pa anthu 10 ofukulidwa mphindi 15 zisanathe, 9 amapezeka amoyo. Pakapita mphindi 35, amoyo amakhala pafupifupi atatu okha.

Cifukwa ca ici, wopulumutsa weniweni ndi mnzake wa paulendo, pakuti agalu onunkhiza ndi ndege za helikopita kawirikawiri zimafika mocedwa. Aliyense wopita kuchire amalangizidwa kunyamula zinthu zitatu: kawailesi kakang'ono komangirira pacifuwa kamene kamasonyeza pamene munthu wakwiririka, ndodo yaitali yopinda yobayira m'cipale, ndi fosholo. Amalangizidwanso kutsika malo oopsa mmodzimmodzi, kuti wina akakokoloka enawo atsale omufukula. Komabe zipangizo zonsezi sizingacinjirize munthu ku miyala.

Ku Amereka anthu pakati pa 25 ndi 30 amafa caka ciliconse ndi kugumuka kwa cipale, ndipo ku mapiri a Alps ku Ulaya amafa pafupifupi 100. Nthawi zina ngoziyi imatsikira ngakhale m'midzi, monga zinacitikira pa 23 February, 1999, pamene anthu 31 anafa m'mudzi wa Galtür ku Austria.

Jamie Pierre anali wodziwa masewera ake kuposa anthu zikwizikwi, koma luso la mapazi silisintha cimene cabisala pansi pa cipale. Aphunzitsi a za mapiri amalangiza kuti cenjezo likakwera, munthu asankhe malo osapendekeka kwambiri, apewe kuyenda m'munsi mwa malo otsetsereka, kapena adikire kufikira alonda atatsiriza nchito yao ndi kutsegula malo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nyengo ya cipale ku Utah imafika mpaka mu April, ndipo wodikira milungu iwiri kapena itatu amakhala akali ndi miyezi isanu yakusewera.