Ukapolo si sewero la m'kalasi

Mu 2019, pasukulu ina ku Bronxville, m'chigawo cha New York, mphunzitsi anatulutsa ana akuda a giredi 5 m'kalasi. Anawauza kuti ayerekeze kuti ali m'maunyolo, n'kuwalowetsanso kuti anzawo achizungu azitchula mitengo yowagulira. Ofesi ya loya wamkulu wa chigawocho, Letitia James, inafufuza nkhaniyi, ndipo mphunzitsiyo anachotsedwa ntchito.

Cholinga chake ndimachimvetsa. Aphunzitsi amafuna kuti mbiri iwafike ana pamtima, isangokhala madeti oloweza. Koma ululuwo umagwera yani? Umagwera mwana wakuda yemweyo, amene mawa lake pabwalo azinenedwa kuti ndi uja anagulidwa motchipa. Wogulayo amangolawa kukoma kolamula mnzake, ena n'kumaseka, pajatu ana ndi ana.

Njira zabwino zilipo. Frederick Douglass, yemwe anathawa ukapolo ku Maryland, analemba yekha mbiri yake mu 1845. Ana awerenge zimenezo. Kwathu kuno, apite ku Nkhotakota, komwe Jumbe ankawolotsera akapolo panyanja kupita ku Kilwa, akaone malowo ndi maso.

Aphunzitsi, musamange mwana chingwe, ngakhale chongoyerekeza.