Fumbi ndi Utsi wa ku Rustenburg

Inu abale a pa mgodi, mwaona nokha kuti mphepo ya August ikaomba, fumbi la pa milu ya zotsalira za miyala limalowa mpaka mu nsima. Nazo ng'anjo zosungunulira miyala zimatulutsa utsi wa sulufule, umene umayabwa pakhosi ndi kutsokomoletsa. Chodabwitsa nchakuti platinamu tikukumbayu amapita kutsidya la nyanja kukayeretsa utsi wa magalimoto a eni ake!

M'chaka cha 2012 boma la South Africa linaika Bojanala, dera lathu lino, pakati pa madera ofunika kuyang'anitsitsa mpweya wake. Komabe ine kalaliki, Lolemba lililonse ndimalemba maina a odwala chifuwa.

Mukatsikira pansi musaboole mwala popanda madzi. Chifuwa chikapitirira masabata awiri pitani kuchipatala, musachibise poopa kuchotsedwa nchito.